Mgolo wa misomali

Pa Phalula pano alipo anthu amene akandiona ndikubwera panjinga amayamba kutsokomola. Si fumbi la malole a mumsewu wa M1 limene limawatsokomoletsa, amakhala akubisa kuseka. Ndikuwadziwa onse, ndipo ena mwa iwo ndi omwe aja ankandiombera m'manja tsiku limene ndinatsegulira mgolo wanga pamaso pa mudzi. Nkhaniyi aikamba m'njira zambiri, ena afika powonjezeramo lichero ndi maliseche, ndiye ndati ndiifotokoze ndekha mwini wake, ngakhale kuti m'kufotokoza kwangaku sindituluka woyera.

Ine kuno ndine mkamwini. Ndinabwera kudzaphunzitsa, ndinakwatira, ndipo nditapuma ntchito ndinayamba kuweta nkhuku zoyera zija zogulitsa pakangotha masabata asanu ndi limodzi. Aliyense woweta nkhuku zimenezi amaudziwa ufa wachikasu wa m'timapaketi, oxytetracycline. Ine ndinkaukhulupirira ufawu kuposa mmene ndinkakhulupirira akulu a mpingo. Anapiye akafika, ufa. Nkhuku ikayetsemula, ufa. Ikangoima ndwii ngati ikuganizira ngongole, ufa. Muyeso unali wa maso. M'mawa uliwonse ndinkakhuthula madzi otsala m'zomwera, achikasu ngati Sobo wosungunula, m'kangalande ka kuseri kwa khola. Kangalandeko kamatsetsereka n'kukathera kudambo, pafupi ndi chitsime chimene amayi amatungapo madzi ochapira mjigo ukawonongeka. Akumwa omwe, tisanamizane.

Mu Ogasiti 2023 kunabwera mwana wa mlongo wanga amene amaphunzira sayansi ku yunivesite ku Zomba. Tsiku lachiwiri anandipeza ndili ndi chomwera m'manja.

"Amalume, mukutaya chiyani?"

"Madzi."

"Madzi okha?"

Tinakhala pansi pa mlambe, iye n'kuyamba kundiphunzitsa, ine amene ndinam'phunzitsa kugwira pensulo. Anati mankhwala opha mabakiteriya sathera m'thupi. Gawo lalikulu limatuluka ndi mkodzo wa munthu kapena zitosi za nkhuku lili lamoyo, ndipo ine ndinkachita kuwonjezera ena osadutsa n'komwe m'nkhuku. Akafika m'madzi amakhala ochepa, osakwanira kupha tizilombo, koma okwanira kutiphunzitsa. Apa ndinamva msanga, chifukwa mwana amene umam'kwapula ndi udzu tsiku ndi tsiku, ukadzatenga chikoti amangokuyang'ana. Anandiuza kuti madokotala atayeza magazi a odwala pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, anapeza kuti mu 2003 tizilombo totchedwa Klebsiella tosamva mankhwala amphamvu a mtundu wa ceftriaxone tinali pafupifupi 12 pa 100 tilitonse, koma pofika 2016 tinali 90. Anati mu 2022 akatswiri otsogozedwa ndi yunivesite ya York ku England anafalitsa zimene anapeza atatunga madzi m'mitsinje 258 ya m'mayiko 104, ndipo pamalo amodzi mwa anayi alionse mankhwala a anthu anali ochuluka kupitirira muyeso wabwino. Kuno kwathu, anatero, kunali kafukufuku wa ku Ndirande, Chileka ndi Chikwawa woona mmene tizilombo tosamva mankhwala timayendera pakati pa anthu, ziweto ndi madzi. Dzina la kafukufukuyo linali DRUM.

Ine ndinamva "diramu," ndipo maso anga anakagwera pa mgolo wa madzi wa akazi anga. Mavuto anayambira pamenepo.

"Ndiye amawachotsa bwanji m'madzimo?" ndinafunsa.

"Njira imodzi ndi chitsulo, amalume."

Anandifunsa ngati anamwino sanandiuzepo kuti doxycycline kapena cipro samwera limodzi ndi mkaka kapena mapiritsi owonjezera magazi aja amapatsa amayi oyembekezera. Anandiuzapo, koma ndinkayesa ndi mwambo chabe. Chifukwa chake n'chakuti m'mapiritsi amenewo muli chitsulo, ndipo chitsulocho chimawagwira mankhwalawo m'mimba momwemo, ngati mmene nkhanu imapanira chala, moti salowa bwino m'magazi. Chimene chili choipa m'mimba, akatswiri amachifuna m'madzi. Amatenga zitsononkho kapena mankhusu a mpunga, amaviika m'madzi a mchere wa chitsulo, n'kuwotcha m'ng'anjo yotseka mopanda mpweya, kutentha kopitirira madigiri 500. Amatuluka makala okhala ndi timadontho ta chitsulo chakuda chotchedwa magnetite. Makalawo akawatakasa m'madzi, mankhwala amamatirira, kenako amabweretsa maginito n'kukoka zonse, madzi n'kutsala okha.

Akanathera pamenepo bwenzi ndili ndi ulemu wanga. Koma anapitiriza kuti ku Nepal kuli sefa yotchedwa Kanchan, imene pamwamba pa mchenga amaikapo misomali wamba kuti dzimbiri lake ligwire poizoni wa arsenic, ndipo Abul Hussam wa ku Bangladesh anapanga sefa ya zidebe yokhala ndi chitsulo, yotchedwa SONO, n'kulandira mphoto ya madola 1 miliyoni mu 2007. Mnyamatayo analankhulabe kwa mphindi khumi. Ndinaona pakamwa pake pakuyenda, koma ine ndinali kusintha madolawo kukhala makwacha. Zimene ananena m'mphindi zimenezo ndinadzazimva patapita miyezi iwiri, pafoni, zinthu zitawonongeka kale. Ndadziwa kale paja adamanga nyumba yopanda khomo.

Atangokwera minibasi ya ku Liwonde, ndinayamba ntchito. Mgolo ndinabwereka akazi anga ali kumunda. Ndalama ya mpopi ndi paipi ndinawauza kuti akongole ku banki mkhonde, ndinati n'zogulira chakudya cha nkhuku. Makala sasowa kuno, matumba amachita kufola m'mbali mwa msewu. Misomali ndiyo inandivuta, mpaka ndinakumbukira kuti apongozi anga anasunga thumba lathunthu lofolera malata a khitchini yawo, limene mlamu wanga anawatumizira kuchokera ku Johannesburg. Ndinadziuza kuti ndidzabweza ndikalandira mphoto.

Misomaliyo ndinaiviika m'madzi sabata yathunthu. Inatuluka ikunyezimira ngati ndalama zatsopano. Ndinathira mchere, osatheka. Ndinadzazindikira mochedwa kuti misomali ya malata amaikuta ndi zinki n'cholinga choti isachite dzimbiri, ndiye ine ndinaba chinthu chokhacho pamudzi chimene chinapangidwa kuti chikane ntchito yanga. Sindinabweze. Ndinaithira mumgolo momwemo, ndinati chitsulo n'chitsulo. Pamwamba pake ndinawonjeza makasu akutha, tcheni cha njinga chimene ndinayamba ndachiwotcha kuti chichoke girisi, misomali yopindika ya m'mabokosi, ndi mawaya onse otsukira mapoto amene ndinawapeza m'maokala atatu. Makala ndinasinja mumtondo wa akazi anga. Kwa masiku anayi tinadya nsima yotuwa, iwo akudandaula za chigayo, ine ndikuvomereza kuti eni zigayo masiku ano alibe chisamaliro.

Maginito ndinachotsa m'sipika ya wailesi. Makala osinja aja ndinawaviika m'madzi a dzimbiri, ndinayanika padzuwa, n'kuyandikiza maginito. Sipanadumphe kanthu ngakhale kamodzi. Dzimbiri lofiira la pakhasu si magnetite, ndipo dzuwa la Balaka, ngakhale limasungunula phula la mumsewu, si ng'anjo. Koma ine ndinagamula kuti maginito a masiku ano ndi ofooka. Wailesi inafera pomwepo, moti uthenga wa maliro a mnzanga wa ku Utale ndinaumva ataika kale.

Loweruka lina ndinaitana anthu. Musadabwe kuti anabwera. Kolera ya 2022 inayambira ku Machinga, kwathu kwakale popeza ife a Balaka tinali boma limodzi ndi iwo mpaka 1998, ndipo isanathe inali itapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Munthu akatchula madzi abwino nthawi imeneyo, anthu ankasiya makasu. Ndinavala jekete yanga ya uphunzitsi, ndinasungunula ufa wachikasu m'ndowa, ndinaonetsa mbali zonse, n'kuthira mumgolo. Tinadikira. Nditatsegula mpopi, panatuluka madzi oyera mbee. Amayi anaimba nthungululu.

Mkulu wina wokonza njinga ndiye anafunsa funso limene ndikanayenera kulimvera. "Aphunzitsi, mwadziwa bwanji kuti mankhwala achokamo?"

"Simukuona ndi maso anu, achimwene?"

Anthu anamuseka. Koma iye ndiye anali wasayansi pagulu lonselo. Mankhwala a m'mitsinje amakhala ochepa ngati timibulu tingapo ta mchere m'thanki ya sukulu, diso silingaone, amachita kuyeza ndi makina a mu labotale. Kuyera kwa madzi kumangonena kuti mtundu wachoka. Komanso mumgolo munali kale madzi ambiri, ndiye n'kutheka kuti amene anatuluka tsikulo anali a dzulo lake, achikasu aja asanafike n'komwe pansi. Ganizo limeneli linandifika usiku ndili pamphasa, ndinalithamangitsa ngati udzudzu.

Akazi anga, amene anali atandikhululukira za mgolo poona ulemu umene unafika pakhomo, anatunga madziwo m'beseni n'kuviikamo bulauzi yawo yoyera ya Mvano kuti achape m'mawa. Kutacha ndinamva dzina langa lenileni, limene sanalitchulepo chikwatiranireni. Madzi aja anali atasanduka ofiira ngati a mumtsinje wa Rivirivi mvula ikagwa, ndipo bulauzi inali ngati yagona m'dothi la katondo. Chitsulo chikasungunuka m'madzi opanda mpweya sichioneka. Chikakumana ndi mpweya wa panja chimasanduka dzimbiri, ndipo dzimbiri silimva sopo.

"Bambo, Lachinayi ndikavala chiyani?"

"Mwina mukanati mwadwala."

Sindilemba zimene anayankha. Iwo ndi mlembi wa Mvano.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepa. Ine ndinati vuto ndi bulauzi. Ndinaletsa zochapira madziwo, koma ndinalamula kuti nkhuku zanga, zimene zinali 60, zizimwa a mumgolo okhaokha, popeza ndiwo anali oyeretsedwa mwa sayansi. Okutobala atafika ndi kutentha kwake, nkhuku zinayamba kuwodzera, kutsegula zobiriwira, zina kupotoza makosi ngati zikuyang'ana ndege. Ndinathamangira ufa wanga. Nditausungunula m'madzi a mumgolo, sanakhale achikasu monga kale, anada ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinayesa kuti ufawo ndi wachinyengo, ndinathira timapaketi tiwiri. Anangoderatu. Pasanathe masiku asanu ndi atatu khola linali zii.

Alangizi a ziweto anabwera kutatsala nkhuku zitatu. Anayang'ana zomwera, anayang'ana mgolo, anandifunsa zimene zili mkatimo. Ndinawauza monyadira pang'ono, chifukwa kunyada kumafa pambuyo pa nkhuku. Anakhala chete nthawi yaitali, akuluma mlomo.

"Aphunzitsi, makina anuwa akugwira ntchito," anatero. "Mtundu uwu ndi chitsulo chagwira mankhwala. Mumawamanga miyendo asanalowe m'nkhuku."

Mwezi wonse ndinkafuna umboni woti chitsulo chimagwiradi oxytetracycline, ndipo ndinaupeza pamalo amodzi okha pamene sindinkaufuna. Ndisanadziwe ngati ndilire kapena ndikondwe, anawonjezera kuti ngakhale ndikanasungunulira m'madzi a kumwamba sizikanathandiza. Chinali chitopa. Chitopa chimayamba ndi kachilombo ka vairasi, ndipo ufa wanga umamenya mabakiteriya okha. Mankhwala ake ndi katemera, monga wa I-2 uja wodonthezera dontho limodzi m'diso. Anandikumbutsa mofatsa kuti mu Julayi wotemera anafika pakhomo panga, ine ndinam'bweza ndikuti ndili ndi mankhwala anga. Tsono zaka zonsezi ndinkathira ufa pa matenda amene ambiri sanali ake, zotsala n'kumazitumiza kudambo.

Sabata yomweyo mpopi unayamba kudontha ngati misozi ya wamasiye wachuma, kenako unaima. Nditatsegula ndinapeza zitsulo zija zagwirana chimwala chimodzi. Ndinapsa mtima. Ndinagubuduza mgolo, ndinauswa chimwalacho ndi nyundo, n'kukhuthula zonse, dzimbiri, makala, matope. Mukudziwa kumene ndinakhuthulira. Munthu akakwiya amapita kumene miyendo inazolowera.

Madzulo ake ndinaimbira mwana wa mlongo wanga. Anamvetsera osandidula, kenako anayamba kubwereza zimene ananena pansi pa mlambe. Chitsulo chikachita dzimbiri chimatupa, chimatenga malo oposa kawiri, n'kutseka timipata ta madzi. N'chifukwa chake katswiri wa ku Cameroon, Chicgoua Noubactep, wa ku yunivesite ya Göttingen, wakhala akulemba kuti m'sefa zotere mchenga uzisakanizidwa ndi chitsulo, ndipo mchengawo uchuluke. Pansi pakhale mchenga wosalala wogwira dzimbiri lisanafike kumpopi. Anati sefa za ku Nepal ndi Bangladesh anazipangira arsenic, osati mankhwala a nkhuku, ndipo anaziyeza zaka zambiri asanazipereke kwa anthu. Anatinso si mankhwala onse amene amamatirira ku chitsulo. A mtundu wa tetracycline ndi cipro amagwidwa msanga, koma sulfamethoxazole wa mu Bactrim, amene anthu ambiri kuno amamwa tsiku lililonse, ndi woterera, amadutsa. Za makala a maginito, anati zambiri zikadali m'mabotolo a mu labotale.

"Zonsezi ndinakuuzani, amalume."

"Unanena motsitsa mawu."

"Chabwino. Koma zotsala mumgolomo musataye paliponse. Chitsulo sichipha mankhwala, chimangowasunga. Madzi akasintha, ena amamasukanso. Ku labotale amachita kuziwotcha pamoto waukulu kapena kuziswa ndi mankhwala ena. Zili kuti panopa?"

Ndinati netiweki ikudula.

Mitambo inali itayamba kale kusonkhana cha ku Neno. Ndinaona kuti mvula yoyamba ikagwa, mankhwala a mwezi wathunthu amene ndinawasonkhanitsa mwaluso pamalo amodzi atsikira kuchitsime tsiku limodzi. Kukawola masana kukanakhala kuvomera pamaso pa mudzi. Ndinadikira anthu agone. Ndinamanga maginito aja ku chingwe, ndinatenga thumba ndi tochi ya pafoni, ndinavula malaya kuti asade, popeza nkhani ya zovala inali isanazizire pakhomo, ndipo ndinatsikira m'ngalande. Apa ndipo anthu anatengapo za maliseche. Kabudula ndinavala, ndikulumbira. Za lichero n'zoona pang'ono, ndinkasefera makala.

Maginito amene anakana makala anagwira ntchito bwino usiku umenewo. Ndinkaponya, ndikukoka, misomali n'kumabwera ili mbwee. Ndinafika mpaka pafupi ndi chitsime ndikuwerenga chapansipansi, popeza ndinkafuna kudziwa ngati ya apongozi yakwana. Ndi mmene anandipezera anyamata awiri ochokera kokaonera mpira: mkamwini wopanda malaya, pakati pa usiku, pambali pa chitsime cha mudzi, thupi lonse makala, lichero pambali, akuponya chingwe n'kumanong'ona manambala. Sanakuwe. Anathawa, n'kukakuwira kutali.

Bwalo linakhala Lolemba. Anthu anali ambiri kuposa a tsiku la mgolo. Amfumu ndi munthu wodekha, ana awo ndinawaphunzitsa.

"Aphunzitsi, funso ndi limodzi. Kodi munathira mankhwala m'madzi a anthu?"

Ndinaganiza zokana. Koma chinenero chathuchi chili ndi liwu limodzi la ufa wa m'kapaketi ndi la zinthu za m'nsupa, ndipo ine ndinaphunzitsa ana zaka 30 kuti bodza n'loipa.

"Inde, mfumu. Kwa zaka zinayi."

Phokoso limene linabuka linaulutsa mbalame mumtengo. Akazi anga anafunda chitenje kumutu. Anandipulumutsa ndi alangizi a zaumoyo, amene anaimirira n'kupempha kuti ndifotokoze kuti ndi mankhwala anji. Ndinafotokoza zonse, kuyambira ufa mpaka misomali, kusiyapo za mtondo. Alangiziwo anafunsa kuti pabwalopo ndani sanatsegulepo kapisozi n'kuthira m'madzi a nkhuku, ndani sanasiyepo mankhwala a kuchipatala pakati atangomva bwino, otsalawo n'kupatsa mnzake kapena kuponya kudzala. Anthu anayamba kuyang'ana zala za kumapazi. Anati chitsime chija chisiyidwe kaye, anthu asonkhe akonze mjigo, madzi akumwa azithira kolorini monga mwa masiku onse, ndipo mkulu wokonza njinga uja anakhosomola mokweza kuti aliyense akumbukire amene anafunsa funso.

Amfumu anagamula kuti si ufiti, koma mwina ufiti ukanakhala bwino chifukwa mfiti imadziwa chimene ikuchita. Anandilamula kuwola zotsala zonse masana, anthu akuona, kuzibwezera mumgolo n'kutseka, ndi kukwirira kangalande kaja. Chindapusa chodzidzimutsa mudzi chinali nkhuku imodzi.

Nkhuku ndinalibe. Zitatu zija zinali zitatsatira zinzake. Pamudzi ponse khola limene chitopa chinalilambalala linali la apongozi anga, a nkhuku zakuda za Mikolongwe, amene mu Julayi analipira wotemera uja ndi ndalama ya pamfundo ya chitenje, ine ndikuwaseka chamumtima. Mkamwini salankhula ndi apongozi maso ndi maso pa nkhani yotere, ndiye ndinatuma akazi anga, amene anapita atavala bulauzi yobwereka. Anabwera ndi tambala m'khwapa, anam'tula pamapazi anga, n'kukhala pamkeka moyang'ana kumbali.

"Amayi akuti tambalayo mudzabweza ndi thadzi," anatero. "Akutinso mvula yayandikira, khitchini ikufuna malata. Misomali yawo simuvutika kuizindikira mumgolomo, ndi yokhayo yosachita dzimbiri."